Kulera mwana amene simunabereke: mafunso ndi mayankho

Anthu akabwerako kumanda, asanabalalike, akuluakulu amakokerana pambali kukambirana za ana amene atsala. "Wamkuluyu apite kwa amalume ake kutauni, wamng'onoyu akhale ndi agogo, wapakatiyu tiona." Nkhaniyo imatha dzuwa lisanalowe. Koma amene wanyamula kachikwama ka mwanayo amakhala wasenza mtolo wa zaka makumi awiri, ndipo palibe amamuuza zimene akakumane nazo panjira. Ine ndinanyamulapo kachikwama kotero. Mwana wa malemu mng'ono wanga anabwera kwathu ali ndi zaka 4, lero ali ku sekondale. Mafunso ali m'munsiwa ena ndinkadzifunsa ndekha usiku, ena amandifunsa anzanga kumpingo ndi kuntchito, makamaka amene akuganiza zopita kukhoti kukatenga mwana mwalamulo.

Kodi kulera mwana wa m'bale wanga n'chimodzimodzi ndi kumutenga mwalamulo?

Ayi, ngakhale pakhomo kusiyana kwake sikuoneka. Njira zilipo zitatu. Yoyamba ndi ya makolo athu: abale amagwirizana, mwana n'kusamukira kwa azakhali, amalume kapena agogo popanda pepala lililonse. Ana ambiri m'Malawi muno amaleredwa chonchi. Kafukufuku wa boma wa zaumoyo ndi chiwerengero cha anthu wa 2015-16 anapeza kuti pafupifupi mwana mmodzi mwa asanu aliwonse sakhala ndi mayi ake ngakhale bambo ake omubereka, ndipo si onse amene ali amasiye.

Yachiwiri ndi kusunga mwana kwa kanthawi kudzera ku ofesi ya boma yoona za chisamaliro cha anthu, ya Social Welfare, motsatira lamulo la Child Care, Protection and Justice Act la 2010. Apa mwana amakhalabe wa makolo ake, ndipo zinthu zikakhala bwino kwawo akhoza kubwerera. Yachitatu ndi ija imachitikira kukhoti pansi pa lamulo la Adoption of Children Act. Woweruza akalamula, udindo ndi mphamvu zonse za makolo omubereka zimachoka kwa iwo n'kubwera kwa inu, ngati kuti munabereka nokha. Ameneyo simungadzamubweze chifukwa choti wakukhumudwitsani ali Fomu 2.

Ndani amaloledwa kutenga mwana kukhoti?

Muyenera kukhala ndi zaka zosachepera 25, komanso kumuposa mwanayo ndi zaka 21 kapena kupitirira apo, ngakhale khoti limatha kufewetsa kusiyana kwa zakaku ngati ndinu wachibale. Ngati muli pabanja, mnzanuyo ayenera kuvomereza. Mwamuna amene akupempha yekha saloledwa kutenga mwana wamkazi pokhapokha patakhala zifukwa zapadera zimene khoti lakhutira nazo.

Lamuloli limafunanso kuti wopemphayo akhale wokhala m'dziko muno, ndipo mfundo imeneyi ndi imene inautsa mapiri pachigwa pa nkhani ya woimba Madonna. Mu 2006 khoti linamulola kutenga mwana wa ku Mchinji, David Banda, moyembekezera kwa miyezi 18, n'kudzatsimikiza mu 2008. Mu Epulo 2009 khoti lalikulu linamukaniza mwana wachiwiri ponena kuti iye sakhala kuno, koma mu Juni chaka chomwecho khoti la apilo linasintha chigamulocho. Nkhanizi zinachititsa anthu ambiri kuganiza kuti zotenga ana kukhoti ndi za azungu olemera. Si zoona. Lamuloli ndi la mphunzitsi wa ku Ntcheu ndi namwino wa ku Rumphi yemwe.

Nanga ndiyambire pati?

Pitani ku ofesi ya Social Welfare ya m'boma lanu. Musayambire kunyumba yosungira ana amasiye n'kuloza kuti "ndikufuna uyo", ngati mukusankha nkhuku pamsika. A Social Welfare adzabwera kwanu, adzaona pogona mwanayo, adzafunsa za kapezedwe kanu ndi umoyo wanu, adzalankhula ndi a pabanja panu. Adzafufuzanso mbiri ya mwanayo ndi kupeza chilolezo cha makolo kapena omuyang'anira amene alipo. Lipoti lawo ndi limene woweruza amadalira kwambiri. Khoti likhoza kukupatsani mwana moyembekezera kaye kuti lione mmene mukukhalira, kenaka n'kudzapereka chigamulo chomaliza. Mukachilandira, pitani nacho ku National Registration Bureau kuti chiphaso cha kubadwa kwa mwanayo chikhale m'malo mwake.

Zimatenga nthawi, ndipo mudzayenda maulendo ena opanda pake, mudzapeza wofunikayo wapita kumsonkhano. Pirirani. Wina akakunong'onezani kuti ali ndi njira yachidule, kuti pali mtsikana wapakati amene angakupatseni khanda mukamupatsa kangachepe, thawani. Kugula mwana ndi mlandu waukulu pansi pa lamulo loletsa kuzembetsa ndi kugulitsa anthu, la Trafficking in Persons Act la 2015.

Kodi ndimuuze kuti sindinamubereke? Ndimuuze ali ndi zaka zingati?

Funso ili ndi limene limabwera kawirikawiri, ndipo ambiri amalifunsa akuyembekezera kuti ndiwauza kuti abise. Muuzeni. Chifukwa chake n'chapafupi: kwathu kuno chinsinsi chotere sichisungika. Amadziwa aneba, amadziwa apongozi anu, amadziwa amayi ogulitsa tomato pamsewu. Tsiku lina ana adzayambana pamjigo, wina n'kutulutsa: "Iwe usatitopetse, paja ndiwe wotola." Kapena adzamva pamaliro, kwa azakhali ena amene amwako pang'ono. Mwana akamva choncho, chomupweteka kwambiri sichikhala chakuti simunamubereke, koma chakuti anthu onse ankadziwa kupatula iye, ndipo inu amene amakukhulupirirani munamunamiza zaka zonsezo. Amayamba kudzifunsa kuti china chimene munamunamiza n'chiyani.

Musadikire "tsiku lalikulu" lomukhazika pampando ali ndi zaka 18. Nkhaniyi ikhale yodziwika kuyambira ali wamng'ono, ngati mmene amadziwira dzina la mudzi wa kwawo. Mwana wa zaka zitatu mukhoza kumuuza pomusambitsa kuti: "Iwe unakulira m'mimba mwa amayi ena, kenaka unabwera kuno, ine n'kukhala mayi ako." Adzafunsa kamodzi, n'kupitiriza kusewera ndi sopo. Akafika zaka 7 kapena 8 adzafunsanso mozama: anali ndani, anapita kuti, anandisiyiranji. Yankhani zoona, koma mwa msinkhu wake. Ngati mbiri yake ili ndi zowawa, monga kutayidwa kapena nkhanza, zimenezo zikhoza kudikira mpaka atakhwima, koma musapeke bodza loti mudzafunike kuligwetsa mtsogolo. Kunena kuti "amayi ako sanathe kukusamala" n'kokwanira ndipo n'koona. Kunena kuti "anamwalira" pamene ali moyo ku Mangochi ndi msampha umene mwadzitchera nokha.

Ngati mwachedwa kale, mwana wafika zaka 14 osadziwa, musachedwenso. Muuzeni inuyo, m'nyumba, popanda alendo, ndipo mupepese kuti simunanene msanga. Adzakwiya. Mulekeni akwiye.

Wanga amabisa chakudya, amakodza pogona, nthawi zina amaba tindalama. Ndalakwitsa pati?

Mwina simunalakwitse paliponse. Wanga miyezi yoyambirira ndinkapeza zidutswa za nsima zouma m'thumba la kabudula, mbatata yootcha pansi pa pilo, mpaka nyerere zinatilowera kuchipinda. Ndinkakalipa kuti, "Kodi muno timakumana chakudya?" Kenaka ndinamva kwa agogo ake kuti pamene mayi ake ankadwala, masiku ena moto sunkayaka m'nyumbamo. Mwanayo sankandinyoza ine. Thupi lake linkakumbukira njala. Ndinatenga kabakuli ka pulasitiki kokhala ndi chivindikiro, n'kumuuza kuti, "Aka ndi kako. Muzikhala mtedza nthawi zonse, palibe akhudze." Masabata oyamba ankakatsegula kasanu pa tsiku, osadya, kungoona ngati mtedzawo ulimo. Patapita miyezi ingapo anakaiwala pawindo.

Kukodza pogona, kulira usiku, kukakamira chitenje chanu, kapena kukhala duu osalankhula, kawirikawiri ndi chisoni ndi mantha zimene mwana alibe mawu ozinenera. Ena amachita mwano dala kuti aone ngati nanunso mumuthamangitse monga anachitira ena. Chimene chimathandiza ndi zinthu zosasinthasintha: nthawi yodya imodzimodzi, pogona pamodzimodzi, ndipo mukanena kuti mubwera madzulo, mubweredi. Ngati kukodza kukupitirira kapena akumva ululu, kamuonetseni kuchipatala.

Pali chinthu chimodzi chimene ndikupemphani ndi mtima wonse. Mwana wamasiye akamachita zachilendo, anthu sachedwa kunena kuti "ameneyu anamuphunzitsa ufiti kumene wachokera". Musalole mawu amenewo pakhomo panu, kaya achokera kwa apongozi kapena kwa wopemphera. Ana ambiri avulazidwa nawo. Ndipo kutchula munthu kuti ndi mfiti ndi mlandu pansi pa lamulo la Witchcraft Act la 1911.

Ndikamulanga anthu amati ndikumuzunza chifukwa si wanga. Ndingomusiya?

Kumusiya ndiko kumusala kwenikweni. Mwana amaona kuti anzake akalakwa amadzudzulidwa, iye ayi, n'kuzindikira kuti pano ndi mlendo. Lamulo la pakhomo likhale limodzi kwa onse. Koma chikwapu ndingakulangizeni kuti muchiike pansi, makamaka kwa mwana amene anamenyedwapo kale kwina. Ndipo pali mawu atatu amene asatuluke pakamwa panu ngakhale mutapsa mtima bwanji: "ndikubweza kwanu", "ndinakutola", ndi "n'chifukwa chake amako". Bala la ndodo limapola. Mawu amenewa amapita nawo ku ukwati wake.

Wandiuza kuti "si inu mayi anga". Ndiyankhe chiyani?

Zimabaya, ndikudziwa. Nthawi zambiri amanena ali ndi zaka 13 kapena 15, mutamuletsa foni kapena ulendo. Musayambe kuwerenga fizi ndi mayunifolomu amene mwagula. Yankho limene linandithandiza ine ndi ili: "Zoona, sindinakubereke. Koma ndine mayi ako, ndipo mbalezo utsukabe." Mawa lake, mitima itazizira, mufunseni ngati wawasowa amayi ake. Mwina mkangano wonsewo unali pamenepo.

Ndili ndi ana anga obereka. Ndingatani kuti pasakhale tsankho?

Tsankho siliyambira pa zikuluzikulu. Limaoneka pa amene amadzuka 4 koloko kukatunga madzi, amene amapatsidwa mutu wa nsomba, amene amavala zosiyidwa ndi anzake pa Khirisimasi, amene amapita kusukulu yolipira pamene mnzake ali yaboma. Limaoneka mlendo akabwera, inu n'kunena kuti, "Awa ndi ana anga atatu, uyu ndi wa malemu achemwali." Mwanayo amamva. Nenani kuti ana anu ndi anayi, basi. Wofuna mbiri adzafunsa pambali.

Tinene mosabisa, m'matauni mwathu muli ana ambiri amene anatengedwa kumudzi kuti "akaphunzire" koma anasanduka antchito osalipidwa: kulera khanda, kukolopa, kugulitsa mandasi, sukulu n'kuthera Sitandade 5. Mwambi uja wakuti mwana wa mnzako ngwako yemwe timaukonda pamisonkhano, koma ine sindikonda mbali yake yachiwiri, yakuti ukachenjera manja udya naye. Mwana si munda woti mudzakolole. Alibe nanu ngongole, chifukwa sanapemphe kuti makolo ake amwalire kapena amusiye.

Ana anu obereka nawonso musawaiwale. Iwo agawana chipinda, bulangete ndi mayi awo popanda kufunsidwa. Akachita nsanje musawachititse manyazi, apatseniko nthawi yawoyawo.

Papita miyezi, koma mtima wanga sunamukonde ngati wanga. Kodi ndine woipa?

Ayi. Anthu ambiri amamva choncho koma sanena. Chikondi china chimabwera pambuyo pa ntchito: mwamusambitsa, mwachezera naye usiku akudwala malungo, mwakakhala pamzere kusukulu kumulembetsa. Pitirizani kumuchitira zimene kholo limachita. Pezani munthu mmodzi wokhulupirika womuuza kutopa kwanu, asakhale mwanayo.

Ndingamusinthe dzina?

Mukamutenga kudzera kukhoti, akhoza kulembedwa dzina la banja lanu, ndipo kusukulu zimamuchepetsera mafunso. Koma dzina lake loyamba lisiyeni, makamaka ngati wafika poti amaliyankha. Mwina ndi chinthu chokhacho chimene mayi ake anamusiyira. Mayina athu amanyamula nkhani: Chimwemwe, Mavuto, Tiyamike, Masozi. Ngati dzinalo ndi lolemera kwambiri, muonjezereni lina, iye adzasankha akakula. Chiwongo chake nachonso achidziwe, kaya ndi Phiri, Banda, Mwale kapena Jere, kuti asadzafunsire mbeta m'bale wake wamagazi osadziwa.

Abale ake akufuna kumamuona, ena akuti amutenge. Ndili ndi mphamvu yanji?

Zikudalira njira imene munamutengera. Ngati munangogwirizana pamaliro, mphamvu yanu ndi yochepa. Kumene amatsata chikamwini, monga kwa Achewa, Ayao ndi Alhomwe, amalume ndiwo mwini mbumba, ndipo mawu awo amalemera. Kumpoto, kumene malowolo amaperekedwa, ana amawerengedwa a kuchimuna. Choncho bambo amene anasowa zaka khumi akhoza kutulukira mwana atakhoza mayeso, kapena mtsikana atatha msinkhu, n'kunena kuti wabwera kudzatenga magazi ake. Zikatero musalimbane naye pabwalo la nyumba. Pitani kwa a Social Welfare kapena kukhoti, kumene chimene amayang'ana choyamba ndi ubwino wa mwanayo, osati kukula kwa mawu a akuluakulu. Ngati mukuona kuti akufuna kukamukwatitsa, dziwani kuti kuyambira 2017 malamulo aakulu a dziko lino amati aliyense wosakwana zaka 18 ndi mwana. Imbani 116, nambala yaulere yothandiza ana, kapena pitani ku Victim Support Unit kupolisi.

Koma abale abwino musawatsekere chitseko, ngakhale muli ndi chigamulo cha khoti m'manja. Chibale ndi fupa, sichiola. Agogo ake, abale ake amene anagawidwa kwina, azionana nawo patchuthi. Kulekanitsa ana a mimba imodzi n'kumene kumawapweteka kwambiri pa kugawana kuja kwa pamaliro, ndipo akuluakulu sitikuganizira.

Ndikadzamwalira, adzalandira nawo chuma changa?

Apa ndi pamene pepala limaonetsa ntchito yake. Lamulo la chuma cha masiye la 2011, Deceased Estates (Wills, Inheritance and Protection) Act, limawerengera mwana wotengedwa mwalamulo pamodzi ndi ana obereka. Koma amene munangomulera popanda khoti akhoza kuvutika kutsimikiza malo ake, ndipo abale amene lero akumuseka naye ndi omwewo adzanene kuti "uyu si wa pano". Lembani wilo, mutchule dzina lake lonse. Mulembetseninso kuntchito pa mafomu a penshoni ndi inshulansi. Kulemba wilo si kudziitanira imfa.

Mbali ina ya nkhaniyi: ngati makolo ake anasiya nyumba, munda kapena ndalama, zimenezo ndi zake. Inu ndinu wosunga chabe. Lamulo lomweli limati kulanda katundu wa masiye ndi mlandu. Sungani malisiti a zimene mwagwiritsa ntchito pa iye, adzakuchotsani pa milandu ya pachibale.

Ndatenga khanda limene mayi ake anamwalira pobereka. Ndiyambe ndi chiyani?

Yambani ndi kuchipatala, tsiku lomwelo. Anamwino akulangizani za mkaka woyenera ndi kapangidwe kake: madzi owiritsa, kapu yoyera, muyezo wolembedwa pachitini osaonjezera madzi kuti ukhalitse. Mkaka wa ng'ombe, phala ndi tiyi si za mwana wosakwana miyezi 6. Mkaka wa m'chitini ndi wodula, choncho funsani a Social Welfare za thandizo. Malo ngati Open Arms ku Blantyre akhala akusamala makanda otere kwa zaka zambiri. Kabuku ka kusikelo kasungeni ngati ndalama, ndipo katemera asadumphe.

Muyezetseni HIV ngati simukudziwa mmene mayi ake analili. Akapezeka nako, mankhwala a ARV ndi aulere m'zipatala za boma, ndipo ana amene amamwa mwandondomeko amakula, kuphunzira ndi kukwatira. Nkhani ya kachilombo nayonso imauzidwa pang'onopang'ono, asanafike pa unyamata, mothandizidwa ndi achipatala. Si nkhani youza aneba.

Boma limathandizako ndi ndalama?

Palibe malipiro a kholo lolera. Mabanja ovutikitsitsa amatha kulowa mu Mtukula Pakhomo, umene unayambira ku Mchinji mu 2006, ndipo ku khonsolo kumakhala thandizo la fizi kwa ana ena a sekondale. Funsani, koma musamange bajeti yanu pamenepo.

Ndimakhala ku Johannesburg. Ndingamutenge mwana wa malemu mchimwene wanga kudzakhala nane?

Osati pongomukweza basi ndi kalata ya amfumu. Pamalire amafuna pasipoti ya mwanayo, chiphaso cha kubadwa ndi umboni wakuti muli ndi mphamvu yoyenda naye, ndipo kusukulu ndi kuchipatala kumeneko adzafunanso mapepala. Konzani za kukhoti kuno kaye, pokumbukira mfundo ija yakuti wopempha akhale wokhala m'dziko muno, kenaka mufunse ku ofesi ya kazembe wa dziko limene mukukhala, chifukwa dziko lililonse lili ndi malamulo ake pa ana otengedwa kunja.

Wakula, akuti akufuna kukaona kumene anachokera. Kodi ndiye kuti ndalephera?

Ayi, wangofuna kudziwa nkhope imene anatengera. Paja amati mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo: ngakhale mayi amene anamusiya, mwana amafuna kumuona ndi maso ake. Mukamuletsa adzapitabe mobisa, kapena adzawafufuza pa Facebook yekha usiku, popanda womugwira dzanja zikakavuta. Muperekezeni. Mukonzekeretseni kuti akhoza kulandiridwa ndi nthungululu, akhoza kukanidwa, akhozanso kuyamba kupemphedwa ndalama. Chilichonse chimene muli nacho cha mbiri yake, chithunzi, kabuku ka kusikelo, chitenje chimene anabwera nacho, mupatseni.

Wanga anapempha ali ndi zaka 12 kuti akaone manda a mayi ake. Tinakwera minibasi m'mawa, tinakapempha chilolezo kwa amfumu monga mwa mwambo, amalume ake n'kutitsogolera kumsitu. Anaima nthawi yaitali akuwerenga dzina pa mtanda, kenaka anafunsa amalume akewo ngati mayi ake ankadziwa kuimba. Anamuuza kuti ankaimba kwaya, mawu achiwiri. Pobwerera anagona pamapewa anga kuchokera pa depoti mpaka kunyumba, ndipo Lamulungu lotsatira anakalembetsa kwaya ya ana.